Theka la Mbiri ya Zamrock Linatsalira pa Bwalo

Pa 12 Julaye 1986 gulu loimba la Queen linaimba pa bwalo la Wembley ku London pamaso pa anthu pafupifupi 72,000, ndipo zonse zinajambulidwa kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Chimbale cha usiku umenewo, Live at Wembley '86, chinatuluka mu 1992, woimba wawo Freddie Mercury atamwalira kale mu Novembala 1991. Wochimvera lero samva oimba anayi okha. Amamva chinamtindi cha anthu chikuvomereza, chikuwomba m'manja pamodzi, nthawi zina chikumulanda nyimbo mwini wake n'kuimaliza chokha. Chimbale chotere chimasunga zinthu ziwiri, luso la oimba ndi mtima wa anthu amene ankawaimbirawo. Dziko la Zambia linali ndi nyimbo zake za rock, zimene tsopano zimadziwika pa dziko lonse kuti Zamrock, koma zimbale zonse zimene zinatchukitsa nyimbozi zinajambulidwa m'chipinda chotseka cha situdiyo. Chimene tili nacho m'manja ndi theka chabe la mbiri yake, ndipo theka linalo linatsalira m'maholo ndi m'mabwalo. Anthu a boma ngati Lundazi, kumene nyimbo imayesedwa ndi mmene bwalo layilandirira, ndiwo angamvetse msanga kukula kwa chimene chinatayikacho, ndipo ali ndi chifukwa chokwanira chokanira kuti zoterezi zichitikenso.

Tiyambe ndi njira zimene nyimbo za m'tauni zinkafikira ku Lundazi. Bomali lili kutali ndi njanji, makilomita pafupifupi 180 kumpoto kwa Chipata, kuchita malire ndi Mzimba wa ku Malawi. M'nthawi ya atsamunda anyamata ake ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya mkuwa ya Kitwe, Luanshya, Mufulira ndi Chingola, ena ku Lusaka ndi ku Southern Rhodesia, ndipo amwayi ankabwerako ndi njinga, galamafoni, zimbale kapena gitala. Njira yachiwiri inali wailesi. Mu 1949, pamene bwanamkubwa wa bomali (DC) Errol Button ankamangitsa nyumba yonga linga imene lero ndi Castle Hotel pa boma, ku Northern Rhodesia kunafika kawailesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, kogula mapaundi 5, kamene kampani ya Ever Ready inapanga atayichonderera Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Lusaka. Pa wailesi ya Central African Broadcasting Station ndi pamene Alick Nkhata anatchukira, akuimba m'Chibemba ndi m'Chinyanja. Njira ziwirizi zinali ndi malire amodzi. Sutikesi ya munthu wochokera ku migodi inkanyamula chimbale, wailesi inkaulutsa chimbale kapena oimba ali m'situdiyo. Dansi ya Loweruka usiku ku Wusakile ku Kitwe kapena ku Matero ku Lusaka inkafika kumudzi ngati nkhani ya pakamwa basi.

Zambia italandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, mkuwa unali pa mtengo wabwino ndipo m'matauni munali ndalama. Makampani a migodi anali ndi maholo ndi makalabu, ndipo achinyamata obadwira m'makomboni ankamvera The Beatles, The Rolling Stones, Jimi Hendrix, Deep Purple ndi Black Sabbath. James Brown anafika yekha kudzaimba ku Zambia mu 1970. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1970 magulu a m'dzikomo anali atasiya kungobwereza nyimbo za eni, akupeka zawo. Gulu la WITCH la ku Kitwe, lotsogoleredwa ndi Emmanuel "Jagari" Chanda, linatulutsa Lazy Bones!! mu 1975. Chaka chomwecho Amanaz anatulutsa Africa, ndipo Musi-O-Tunya, gulu limene Rikki Ililonga anali mmodzi wa oliyambitsa, linatulutsa Wings of Africa. Ngozi Family ya Paul Ngozi inabwera ndi Day of Judgement mu 1976 ndi 45,000 Volts mu 1977. Panali Keith Mlevhu, amene ankadziimbira yekha zida zonse pa zimbale zake, panali The Peace, Blackfoot ndi Five Revolutions. Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour ku Ndola ndi kampani ya Teal ankatulutsa ndi kugulitsa zimbalezi. Pulezidenti Kenneth Kaunda atalamula kuti 95 peresenti ya nyimbo za pa wailesi zikhale za m'dzikomo, gitala yolira mosasa ya Paul Ngozi inayamba kumveka m'magolosale ndi m'nyumba za aphunzitsi mpaka ku Lundazi ndi ku Chama.

Umboni woti nyimbozi zinali za pa bwalo ndi wochuluka. Dzina loti Jagari linachokera kwa Mick Jagger wa The Rolling Stones, ndipo Chanda analipata chifukwa cha mavinidwe ndi kulumpha kwake pamaso pa anthu, zimene chimbale sichingaonetse. Paul Ngozi amakumbukiridwa chifukwa choimba gitala ndi mano, monga ankachitira Hendrix. Chimbale choyamba cha WITCH, Introduction, anyamatawo ankachigulitsa okha kumadansi awo, kusonyeza kuti anthu anayamba kuwadziwa pa bwalo, chimbale n'kubwera pambuyo ngati chikumbutso. Ndalama yeniyeni ya oimba inali ya pakhomo. Ankaimba m'maholo a migodi, m'mahotela, ku zionetsero za ulimi ndi zamalonda, ndi m'maiko oyandikana nawo, ndipo dansi imodzi inkatha maola ambiri mpaka usiku kwambiri. Gulu loimba usiku wonse silingadalire nyimbo khumi za mphindi zinayi zinayi. Limayenera kutalikitsa, kusintha liwiro, kupatsa mpata woimba ng'oma, kuona nyimbo imene yagwira anthu n'kuibwereza. Luso limenelo, lowerenga maso ndi mapazi a ovina, ndilo linali chuma chenicheni cha magulu amenewa, ndipo ndilo limene silinalowe pa tepi.

Chifukwa chake sichinali kuchepa kwa luso kapena kusowa kwa anthu okonda nyimbo. Chinali umwini wa makina. Deep Purple anajambula Made in Japan ku Osaka ndi ku Tokyo pa 15, 16 ndi 17 Ogasiti 1972, pa makina a tepi ojambula mizere 8 ya mawu nthawi imodzi, ndipo katswiri wawo Martin Birch anapita nawo. The Rolling Stones anali ndi situdiyo yathunthu m'galimoto, imene magulu ena ankabwereka. Ku Zambia malo ojambulira anali owerengeka, monga Malachite ku Chingola, DB Studios ku Lusaka ndi situdiyo za wailesi ya boma, kotero kuti magulu angapo ankachita kupita ku Nairobi. Tepi, zingwe za gitala ndi zokuzira mawu zonse zinali zoitanitsa kunja. Malire ndi Rhodesia atatsekedwa mu Januwale 1973, mafuta atakwera mtengo chaka chomwecho, mkuwa n'kugwa mtengo pofika 1975, ndalama zakunja zinasowa. Ndipo kumene zoimbaimba zazikulu za mu Africa zinajambulidwa, ndalama ndi makina zinkachokera kunja, matepinso n'kupita kunja. Chikondwerero cha Zaire 74 ku Kinshasa, kumene kunaimba Franco, Tabu Ley, Miriam Makeba ndi James Brown, filimu yake Soul Power inaoneka mu 2008, ndipo chimbale cha oimba a mu Africa a pa tsikulo chinatuluka mu 2017. Zimene Paul Simon anaimba pa bwalo la Rufaro ku Harare mu Febuluwale 1987 zinajambulidwa bwino chifukwa kumbuyo kwake kunali kampani yaikulu ya ku America.

Akuluakulu amati ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika, ndipo Zamrock sinakwanitse zaka khumi ili pachimake. Mu Okutobala 1978 asilikali a Ian Smith wa ku Rhodesia anaphulitsa misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe mkati mwa Zambia, ndipo Alick Nkhata anafera pa chiwembu cha ku Mkushi, kumene anali ndi munda wake. Boma linaletsa kuyenda usiku ndipo mizinda inkazimitsidwa magetsi. Gulu lodya za pakhomo likaletsedwa kuimba usiku ndiye kuti lalandidwa khasu. Kenako kunabwera disiko, yotchipa kwa mwini bala kusiyana ndi kulipira anthu asanu ndi zida zawo, kunabweranso makaseti okopedwa mwakuba, ndipo m'zaka za m'ma 1980 makutu a anthu anatembenukira ku kalindula wa PK Chishala, Amayenge, Shalawambe ndi Serenje Kalindula Band. Mliri wa Edzi unamaliza zotsala. Paul Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40. Mwa anthu amene anayambitsa WITCH anatsala ndi Jagari yekha, amene anakhala mphunzitsi, pambuyo pake n'kumakakumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze chakudya. Matepi ambiri oyambirira anatayika kapena kuonongeka. Munthu akamwalira asanajambulidwe pa bwalo, mavinidwe ake, nthabwala zake pakati pa nyimbo ndi mmene ankadzutsira anthu zimapita naye kumanda.

Kuuka kwa Zamrock kwatsimikiza mfundoyi m'malo moitsutsa. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, ya Eothen Alapatt, inatulutsanso nyimbo za Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya mu 2010, za WITCH mu 2012, ndi zimbale ziwiri za Welcome to Zamrock! mu 2017. Gio Arlotta wa ku Italy anapanga filimu ya moyo wa Jagari imene inaonetsedwa mu 2019, ndipo WITCH yatsopano, ya Jagari ndi Patrick Mwondela pamodzi ndi oimba achinyamata a ku Ulaya ndi a ku Zambia, inatulutsa Zango mu 2023. Sampa the Great analemekeza Zamrock m'nyimbo zake mu 2022, Travis Scott anatapa mawu a Amanaz mu 2023, ndipo Tyler, the Creator anatapa a Ngozi Family mu 2024. Zonsezi ndi zonyaditsa. Koma taonani kuti chimene chauka ndi chokhacho chimene chinali pa chimbale, ndipo osankha anali osonkhanitsa zimbale a kunja, omvera ndi makutu awo. Iwo angatiuze nyimbo imene ili ndi gitala yokoma. Sangatiuze nyimbo imene inkachititsa amayi a ku Chawama ku Lusaka kuthira nthungululu, kapena imene anthu ankapita kukagula mowa ikayamba. Mbiri ya nyimbo yopanda omvera ake imasanduka mbiri ya amalonda ndi ya akatswiri okha.

Wina angatsutse kuti rock ndi nyimbo ya azungu, ndipo munthu wa ku Lundazi alibe chifukwa cholirira anyamata a m'tauni ovala mabuluku otambalala m'munsi amene ankatsanzira London. Yankho lili pa bwalo la mudzi wake womwe. Mganda, umene Atumbuka ndi Achewa a kuno amavina monyadira, unabadwa potengera perete ndi bandi ya asilikali a atsamunda itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ovina amavala yunifolomu, amaima m'mizere ngati asilikali, ndipo m'malo mwa malipenga a chitsulo amaliza zikho. Palibe amene lero amati mganda ndi wa Angelezi, chifukwa nyimbo zake, nkhani zake ndi mapazi ake ndi zathu. Zamrock inayenda njira yomweyo patapita zaka makumi asanu. Paul Ngozi, amene dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo, chiwongo chodziwika bwino ku Lundazi, Chama ndi Mzimba, ankaimba m'Chingelezi ndi m'Chinyanja za umphawi wa m'makomboni, za maukwati ndi za makhalidwe a anthu. Amanaz ankaimba zina m'Chibemba. Woimba ng'oma wa Ngozi Family, Chrissy Zebby Tembo, anatcha chimbale chake My Ancestors, kukumbukira makolo. Ana a anthu amene anachoka kum'mawa kupita ku migodi ndi ku Lusaka anali pakati pa oimba ndi ovina. Mbiri imeneyi ndi ya m'banja mwathu.

Wina anganene kuti zimbale za Zamrock zinkajambulidwa mofulumira, gulu lonse likuimba pamodzi m'chipinda chimodzi popanda kukonzakonza, choncho n'chimodzimodzi ndi za pa bwalo. Pali choonadi pamenepa, ndipo n'chifukwa chake zimbalezi zimamveka zamoyo mpaka lero. Koma munthu amene anaonako vimbuza sangavomereze kuti kusiyana kwake n'kochepa. Pa vimbuza amuna amaimba ng'oma, amayi amazungulira akuwomba m'manja ndi kuvomereza, ndipo wovina ndiye amalamula ng'oma kuti ifulumire kapena isinthe. Pa Gule Wamkulu woimba mbalule amatsata mapazi a chilombo, amayi akuthira mang'ombe. Mukachotsa ovomereza ndi wovina, mwatsala ndi ng'oma imene ikuwambidwa pamoto gule asanayambe: kulira ikulira ndithu, koma si gule. UNESCO itazindikira vimbuza ndi Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, inazindikira mwambo wathunthu pamodzi ndi anthu ake, osati kaimbidwe ka ng'oma kokha. Rock ya ku Zambia inakulira pakati pa anthu ozolowera kuyambitsa ndi kuvomereza. N'zosatheka kuti khamu la ku Ndola linkangoima chete ngati la m'kalasi, ndipo zimene linkachita zinkasintha nyimboyo.

Chotsutsa chachitatu n'champhamvu kuposa ziwirizi. Zimbale zambiri zotchedwa za pa bwalo zimakonzedwa mwakabisira mu situdiyo, ndiye umboni wake ndi wokayikitsa. Izi n'zoona. The Beatles ataimba pa bwalo la Shea ku New York pa 15 Ogasiti 1965 pamaso pa anthu 55,600, phokoso linali lalikulu moti iwo eni sankadzimva, ndipo mbali zina za filimu yake anakaziimbanso ku London mu Januwale 1966. Gulu la Kiss linavomera kuti Alive! ya 1975 inakonzedwa, ndipo anthu akhala akukangana za Live and Dangerous ya Thin Lizzy ya 1978. Komabe mfundo imeneyi ikutiphunzitsa kujambula moona mtima, sikutiuza kuti tisajambule. Made in Japan imalemekezedwa chifukwa chakuti sinaphimbidwe zolakwika, ndipo nyimbo zake zina n'zotalika kwambiri kuposa za mu situdiyo, kuonetsa zimene gululo linkachita likakhala ndi anthu. Ngakhale filimu ya ku Shea yokonzedwayo ikutionetsa nkhope za atsikana akulira, apolisi akuthamangitsa odumpha mpanda, ndi kuchepa kwa zokuzira mawu za nthawiyo. Umboni wokonzedwa ungafufuzidwe n'kupezeka pamene unakonzedwa. Umboni umene kulibe sungafufuzidwe ndi munthu aliyense.

Chotsutsa chomaliza ndi cha masiku ano. Aliyense ali ndi foni, dansi iliyonse imapezeka pa Facebook ndi pa WhatsApp mawa lake, ndipo boma lokhala ndi mavuto a misewu, feteleza ndi misika ya chimanga, soya ndi thonje lisataye nthawi ndi zosunga nyimbo. Koma kanema wa mphindi imodzi, wogwedera, wopanda dzina la gulu, la malo kapena tsiku, si mbiri. Foni ikagwa m'madzi kapena memori kadi ikafa, zonse zapita, monga anapitira matepi a m'ma 1970. Ndipo anthu a ku Lundazi ali ndi chifukwa chapadera chosadalira ena kuwasungira mawu awo. Wailesi ya boma ya Zambia imaulutsa m'zilankhulo zisanu ndi ziwiri za m'dzikomo, Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chilunda, Chiluvale ndi Chikaonde, ndipo Chitumbuka mulibe. Kutsidya kwa malire ku Malawi, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC mu 1968 ndipo chinabwerera ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994. Kwa zaka zambiri nyimbo za Atumbuka zinalibe khomo lalikulu lolowera m'nkhokwe za mawailesi a maiko awiriwa. Za mtengo wake, chimene chinkafuna galimoto yodzaza makina mu 1972 lero chimatheka ndi kachipangizo kolowa m'thumba, mamayikolofoni angapo ndi kompyuta imodzi. Chodula tsopano ndi mwambo wolemba dzina, tsiku ndi malo, ndi kusunga makope m'malo awiri kapena atatu.

Ntchito yoyenera kuchitika ili pawiri. Yoyamba ndi yopulumutsa zotsala za Zamrock. Amene anali ndi zaka 20 mu 1975 tsopano ali m'zaka za m'ma 70, ndipo ambiri mwa amene anagwira ntchito ku migodi, m'masukulu ndi m'maofesi a Lusaka anabwerera kwawo atapuma. Ena ali kwa Mwase, kwa Mphamba, kwa Kapichila ndi kwa Magodi. Iwo ndiwo khamu limene silinajambulidwe, ndipo wailesi ya m'dera ngati Radio Chikaya ikhoza kuwakhazika pansi, kuwafunsa holo imene ankavinamo, mtengo wa pakhomo, nyimbo imene inkatsekera dansi, ndi kujambula zithunzi, matikiti ndi zimbale zimene anasunga. Yachiwiri ndi ya lero. Mwambo wa Kulonga kwa Mfumu Mphamba, wa Zengani ku Chasefu, boma limene linapatulidwa ku Lundazi mu 2018 pamodzi ndi Lumezi, mipikisano ya mganda ndi chimtali, makwaya a m'matchalitchi ndi oimba achinyamata a pa boma, zonsezi zijambulidwe zathunthu pamodzi ndi ovomereza ake. Zichitike ndi chilolezo cha mafumu ndi eni gule, pakuti vimbuza ndi chithandizo cha odwala ndipo za kudambwe zili ndi malamulo ake. Oimba adziwe za ufulu wawo pa zojambulazo, kope limodzi likhale ku Lundazi, lina ku National Archives ku Lusaka. Khonsolo ya boma, mafumu, aphunzitsi ndi eni wailesi, yambani ndi okalambawo chaka chino, chifukwa amene anavina nyimbo za Paul Ngozi iye ali pamaso pawo akuchepa chaka ndi chaka.